Njinga Ikakana Kukhota

Mvula ya mu Disembala ikagwa usiku wonse, m'mawa mwake kaimeni pamene kanjira ka kumudzi kamapatukira pa msewu wa N7, uja wochoka ku Tete kudzera ku Moatize mpaka pachipata cha Zóbuè. Simudikira nthawi yaitali. Pabwera mnyamata pa njinga yamoto, thumba la chimanga kumbuyo, tayala lakumbuyo latsopano, mano ake akuluakulu. Afika pokhota, apinda chiwongolero, koma njinga ikana. Ingolunjika ngati ng'ombe yaona msipu, kenako tayala lakutsogolo litsetsereka, munthu ndi chimanga chake khu m'matope. Oonerera adzati amathamanga kwambiri. Mwina n'zoona. Koma pitani mukagwire tayala lakutsogolo lija. Mupeza lili see ngati chikhatho.

Vuto limeneli alinso nalo anthu a kutali, kumene kulibe matope athuwa, ndipo iwo analiganizira mpaka kulipezera miyeso yake. Ndikufuna tikaone kwawoko pang'ono, abale anga, chifukwa pobwerako tidzaliyang'ana mwina tayala lathu.

Ku Canada ndi kumpoto kwa America, miyezi imene ife timalimbana ndi mvula iwo amakhala ali m'chipale chofewa. Chipalechi chiyerekezeni ndi ufa woyera wozizira umene umagwa kuchokera kumwamba n'kuunjikana mpaka kukwirira misewu. Pamene chapondedwapondedwa chimalimba, malo ena n'kusanduka ayezi weniweni ngati wa mufiriji. M'nyengo yozizira ya 1934, makaniko wina wa m'tauni ya Valcourt ku Quebec, dzina lake Joseph-Armand Bombardier, anataya mwana wake wamng'ono chifukwa misewu inatsekeka ndipo sanathe kumufikitsa kuchipatala. Ife amene tinaonapo wodwala akudikira kutsidya kwa mtsinje wosefukira sitifunika kufotokozeredwa ululu umenewo. Bamboyu analimbikira kupanga galimoto yoyenda pachipale, ndipo mu 1959 anatulutsa kakang'ono kokwera ngati njinga yamoto, kotchedwa Ski-Doo. Makina a mtundu umenewu ndiwo amatchedwa snowmobile.

Alibe matayala. Kumbuyo kwake kuli lamba wa labala, mulifupi mwake masentimita pafupifupi 38, amene amazungulira ngati unyolo wa katapila zija mumaziona zikukankha dothi kumgodi. Lambayo ali ndi mano opingasa amene amaluma chipale n'kukankhira makina kutsogolo. Mukudziwa zimene zimachitika kuchigayo lamba akayamba kuterera: injini imalira mokweza, utsi tolotolo, koma ufa sutuluka. Mphamvu ya injini imagwira ntchito pokhapokha pamene lamba wagwira. Kutsogolo kuli zinthu ziwiri zazitali zonga matabwa, zopindikira m'mwamba kunsonga, zimene amazitcha ski. Izi ndizo zalumikizidwa ku chiwongolero. Ntchito yagawidwa monga pa njinga yakapalasa. Kumbuyo kumakankha, kutsogolo kumasankha njira.

Tsono ski ndi yosalala pansi, ngati mimba ya bwato. Bwato likapingasa pamadzi othamanga a Zambezi limatengedwa chammbali, ngakhale mutu wake utaloza kutsidya. Ski pa ayezi imachita chimodzimodzi: mwaikhotetsa, koma ikungotsetsereka kupita kumene imapita kale. Choncho pansi pa ski iliyonse amamangapo kandodo kachitsulo, ndipo m'kandodomo amaikamo tizidutswa takuthwa ta chitsulo china cholimba koposa. Tizidutswa timeneti ndito timacheka ayezi n'kugwira, monga mpeni umagwirira pa thabwa lonyowa pamene supuni ingangoterera. Eni ake amangotitcha ma carbide.

Chitsulo chimenechi si chachilendo kwa ife. Amisiri omanga nyumba amachidziwa. Kansonga kaja kamakhala pa chobowolera khoma la simenti, kamene pa Chipwitikizi amati vídia, ndicho chomwecho. Dzina lake lonse ndi tungsten carbide. Anachipanga ku Germany m'zaka za m'ma 1920, ndipo kampani ya Krupp inachigulitsa ndi dzina loti Widia, kufupikitsa mawu a Chijeremani otanthauza kuti chonga dayamondi. Vídia wathuyu anachokera pamenepo. Amachipanga posakaniza ufa wa tungsten carbide ndi chitsulo china chotchedwa cobalt, chimene chimagwira ntchito ngati simenti yomata mchenga, kenako amawotcha. Okumba mijigo m'midzi mwathu amabowola thanthwe ndi mutu wokhala ndi timibulu ta chitsulo chomwechi. Kumigodi ya malasha yokumba pamtunda, monga wa ku Moatize umene unayamba kutulutsa malasha mu 2011 ndi wa ku Benga umene unatsegulidwa mu 2012 kufupi ndi pamene Revúbuè imathira mu Zambezi, mwala asanauphulitse amayamba aubowola, ndipo mano a zobowolera zoterezi amakhala a carbide. Chimene chimabowola mwala pa Benga ndicho chimakhotetsa makina pa ayezi wa ku Quebec.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangopanga kandodo konse ndi chitsulo cholimbacho. Yankho lili kukhitchini. Mphika wadothi ndi wolimba, simungaupinde ndi manja, koma ukagwa umasweka. Sefuliya ndi yofewa, imaphwanyika m'mbali, koma siisweka. Carbide ali ngati mphika: salola kuperepeseka msanga, koma akamenyetsedwa pamwala amabenthuka. Ndiye amamuika m'kati mwa chitsulo wamba, kuti chitsulocho chizilandira kugunda, iye azingocheka.

Kusankha kumayambira apa. Ma carbide amagulitsidwa potengera kutalika kwa gawo lakuthwalo: mainchesi 4, 6, 8, mwinanso 10, ndiko kuti kuyambira masentimita 10 mpaka 25. Munthu wosadziwa angaganize kuti wamtali ndiye wabwino nthawi zonse. Ayi. Wamtali amaluma kwambiri, koma chiwongolero chimalemera, ndipo poyenda ulendo wa tsiku lonse mapewa amatopa ngati mwalima mphanje. Amakondanso kugwera m'mizere imene anzanu odutsa kale anasiya, makina n'kumagwedezera mutu uku ndi uku. Aliyense amene anapalasapo njinga m'njira imene ngolo inadutsa kuli matope, kenako dzuwa n'kuumitsa, akudziwa mmene tayala limalandidwira ndi ngalande ya ngoloyo. Pofuna kuchepetsa vutoli ena amagula ndodo za mipeni iwiri pa ski imodzi, kuti zisamakwane mumzere wa wina.

Kuthwa kwake nakonso kumasiyana. Pali osongoka kwambiri, a madigiri 60, ndi obuntha pang'ono, a madigiri 90. Wosongokayo ali ngati chikwanje chonoledwa mopyapyala: chimadula bwino udzu koma chikakumana ndi mwala chatha. Wobunthayo ali ngati nkhwangwa. Munthu amene njira yake imadutsadutsa misewu ya tala ndi miyala amasankha nkhwangwa, amene amayenda pa ayezi wokhawokha amasankha chikwanje. Ndipo onse amatha ndithu, monga nyundo za m'chigayo zimathera, kotero mwini wake amayenera kumagwada n'kumayang'ana pansi pa ski.

Kumbuyo nkhani yake ndi ya mano a lamba. Oyenda m'njira zokonzedwa, zolimba, amagwiritsa ntchito mano aafupi, masentimita atatu kapena kupitirira pang'ono. Okwera mapiri a chipale chakuya amafuna aatali kuwirikiza kawiri, opalasa ngati nkhafi. Mano aataliwo mukawatengera panjira yolimba amapindika, amatentha, mwinanso kung'ambika. Koma labala, kaya mano ake atalike bwanji, saluma ayezi. N'chifukwa chake ambiri amabowola lamba n'kumangamo misomali ya nsonga za carbide, yotchedwa ma stud, mwina 96, mwina 144, ena kupitirira apo. Ili ngati minga ya pansi pa nsapato za mpira. Imayenera kupitirira mano a lamba ndi sentimita imodzi yokha basi. Ikatalika kwambiri imazuka n'kung'amba lamba, kapena kubowola zitsulo zoziziritsira madzi a injini zimene zili pamwamba pake. Phindu lake lalikulu, mwa kuona kwanga, si liwiro ayi, koma kuima. Pa ayezi, makina opanda misomali mukawagwira buleki amangopitirira.

Tsopano tafika pa chimene ndakutengerani ulendo wonsewu. Ogulitsa zida zimenezi sakufunsani za kutsogolo kokha kapena kumbuyo kokha. Mukati mukufuna misomali 144, amakufunsani kutalika kwa ma carbide anu. Chifukwa chake mukuchidziwa kale ngati munamangapo ng'ombe pagoli. Mukaphatikiza nkhunzi yamphamvu ndi kamthenu kofooka, pulawo siiyenda mowongoka, mzere umakhotera kumodzi. Misomali ikachuluka kumbuyo pamene kutsogolo kuli ma carbide aafupi kapena akutha, kumbuyo kumagonjetsa kutsogolo. Mwapinda chiwongolero, koma makina akulunjika kumtengo. Mukatembenuza, ma carbide aatali kutsogolo ndi lamba wopanda misomali, mutu umaluma n'kukhota msanga pamene thako likutsetsereka kufuna kupitirira mutu. Woyendetsa wanzeru akawonjezera mbali imodzi amawonjezeranso inayo.

Bwererani nane kwa mnyamata uja wagona m'matope. Anachita zimene ambiri timachita. Tayala lakumbuyo limatha msanga chifukwa ndilo limakankha ndi kusenza katundu, ndiye ndalama ikapezeka timagula lakumbuyo, la mano akuluakulu, lakutsogolo n'kuliuza kuti lidikire kukolola. Ena amafika posamutsira lakumbuyo lakutha kutsogolo. Pamenepo mwamanga nkhunzi ndi kamthenu. Thumba la chimanga kapena la makala likakhala kumbuyo kwenikweni kwa kaliyala limapepukitsanso mutu wa njinga, tayala lakutsogolo n'kumangokhudza pansi mopanda mphamvu. Ndipo ife tili pa ngozi kuposa anzathu a ku Canada, chifukwa iwo ali ndi ma ski awiri owachirikiza. Pa matayala awiri, lakumbuyo likaterera munthu wozolowera amatha kuliwongola, mwina kuponda pansi ndi phazi. Lakutsogolo likaterera mumangozindikira muli pansi. Ndikanakhala ndi ndalama ya tayala limodzi lokha kumayambiriro kwa dzinja, onse awiri ali otha mofanana, ndikanagula lakutsogolo n'kumayenda pang'onopang'ono.

Matayala awiriwa sanapangidwe mofanana, ndipo yang'anani mudzaona. Pa njinga zambiri zonyamula anthu lakutsogolo ndi lopyapyala, la manambala ngati 2.75-17, ndipo mizere yake imatsata mmene tayala likuzungulira, kuti lizigwira chammbali ngati mpeni wa pansi pa ski. Lakumbuyo ndi lonenepa, ngati 3.00-17, mano ake opingasa ngati a lamba uja, kuti azikankha. Ambiri ali ndi kamuvi m'mbali kosonyeza kumene ayenera kuzungulira, ndipo womanga tayala akafulumira amatha kulitembenuza. Muli pomwepo fufuzani manambala anayi amene amakhala kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Labala akakalamba amauma ngati chikumba, ndipo sagwira panthaka yonyowa ngakhale mano ake akuoneka athunthu.

Funso lina lofunika ndi loti njinga yanu imakhala kuti nthawi zambiri. Amene amanyamula anthu pa tala pakati pa Moatize ndi mlatho wa Kassuende, uja unatsegulidwa mu 2014 pa Benga, akagula matayala a zibulumwa zazikulu ngati a mpikisano wa m'tchire adzawamaliza msanga pa tala wotentha wa kuno, ndipo tala akanyowa zibulumwazo sizigwira bwino chifukwa labala wokhudza pansi ndi wochepa. Ameneyo ali ngati wotengera mano a kumapiri panjira yolimba. Koma amene amakwera ndi kutsika m'tinjira ta m'mapiri a ku Zóbuè, kumene dothi la katondo likanyowa limaterera ngati therere, amafunika mano otalikirana amene amalavula matope tayala likamazungulira. Mano oyandikana amadzaza dothi, tayala n'kusanduka chibumi chosalala. Ambiri a ife timayenda monsemo, theka tala theka dothi, ndipo tayala la pakatikati ndilo lotiyenera, malinga ngati kutsogolo ndi kumbuyo mwasankha a mtundu umodzi.

Mpweya nawo uli ndi mbali yake. Kuphwetsako pang'ono m'matope kapena mumchenga wa m'mphepete mwa Revúbuè kumathandiza tayala kutambasuka n'kugwira malo aakulu. Pang'ono pokha, chifukwa mukaphwetsa kwambiri muli ndi katundu, limu imatsina chubu pamwala woyamba. Mukabwerera pa tala popaninso.

Mvula yoyamba isanagwe mu Novembala, imikani njinga pabwalo kukuwala. Yambani ndi tayala lakutsogolo. M'ngalande za mano ake muli timapiri ting'onoting'ono ta labala, ndipo m'mbali mwa tayala mumakhala kachizindikiro kosonyeza pamene tili. Pitirizani chala pamenepo. Mano akafika pofanana ndi timapiriti, tayalalo latha. Osayang'ana pakati pokha, yang'ananinso m'mphepete, chifukwa pokhota njinga imapendekera ndipo ndi m'mphepetemo mmene imaponda. Mukamaliza chitani chimodzimodzi kumbuyo, ndipo thumba lija polimanga mulikokere kutsogolo, lifike pafupi ndi msana wanu.