Chisanu cholowera pansi

Mu Juni ndi Julayi, anthu ogona pa maliro ku Chinsapo amadziwa kuti bulangete lokha silikwanira. Munthu amafunda mpaka kumutu, koma pofika m'bandakucha nthiti zili zii, chifukwa simenti ndi dothi zimayamwa kutentha kwa thupi msanga kuposa mpweya. Mbali ya bulangete yomwe wagonera imaphwatalala, ndiye sitchinga kanthu. Alonda a m'mashopu anatulukira kalekale: amayala makatoni awiri atatu asanagone. Mpweya wotsekeredwa m'timipata ta katoni ndiwo umatchinga kuzizirako.

Okwera mapiri amanyamula nzeru yomweyi pamsana. Timatiresi tawo todzipopa tokha tinatchuka ndi dzina la Therm-a-Rest, ndipo tinayambira ku Seattle mu 1972, m'manja mwa mainjiniya omwe anagwirapo ntchito ku Boeing. M'kati muli siponji, kunja nsalu yosatulutsa mpweya. Ukatsegula valavu, siponji imafufuma n'kukoka mpweya yokha, iwe umangouzira pang'ono ndi pakamwa n'kutseka. Mphamvu ya matiresi yotchinga kuzizira amailemba ndi nambala yotchedwa R-value. Ya 2 ndi ya nyengo yofunda, ya 4 kupita m'mwamba ndiyo ingakusunge pa phiri la Mulanje, komwe nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002.

Chomwe sindikondwera nacho n'chakuti munga umodzi umakwanira kuiwononga matiresi yotereyi. Woipeza pa kaunjika asathamangire kulipira. Aipope, aikhalire kwa kanthawi, ndipo ngati pali beseni pafupi aiviike m'madzi, aone ngati pakutuluka thovu.