Madzi nawo amakhuta: chifukwa chake Thanzi amafuna lita imodzi

Mwana akayamba kutsekula m'mimba, choopsa chachikulu ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi mwake. N'chifukwa chake achipatala amapereka Thanzi ORS, ufa umene malangizo ake amati usungunulidwe mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Anthu ena amachepetsa madziwo poganiza kuti mankhwala agwira ntchito msanga, pamene ena amawonjezera pofuna kuti akhalitse. Zonse ziwirizi n'zolakwika, ndipo chifukwa chake chagona pa mmene zinthu zimasungunukira.

Mchere ukathiridwa m'madzi n'kutakasidwa umaoneka ngati wasowa, koma umakhala uli momwemo. Madzi amauphwanya kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo tizidutswato timamwazikana mofanana kuchokera pansi pa kapu mpaka pamwamba. Sikelo imachitira umboni: magalamu 10 a mchere akasungunuka m'magalamu 100 a madzi, zonse pamodzi zimalemera magalamu 110. Madziwo akawiritsidwa mpaka kuphwa, mchere uja umatsala mumphika. Ufa wa chimanga kapena dothi sizichita chomwecho. Zimadetsa madzi kwa kanthawi kenaka n'kudikha pansi, ndipo nsalu ikhoza kuzisefa, pamene mchere wosungunuka umadutsa pansalu pamodzi ndi madzi.

Mphamvu ya msakanizo wotere imayezedwa poona kuchuluka kwa chinthu chosungunukacho pa muyezo umodzi wa madzi. Masupuni awiri a shuga m'kapu ya tiyi amatsekemera, koma masupuni awiri omwewo m'ndowa samveka n'komwe. Shuga ndi yemweyo, chasintha ndi kuchuluka kwa madzi. Akatswiri amakonda kuwerengera m'magalamu pa lita imodzi. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu monga Indian Ocean ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, pamene a m'nyanja ya Dead Sea amaposa magalamu 300, mwakuti munthu amayandama popanda kusambira.

Komatu madzi ali ndi malire. Pa kutentha kwa madigiri 20, mamililita 100 a madzi amasungunula magalamu pafupifupi 36 a mchere basi. Wina aliyense wowonjezera amangokhala pansi, ngakhale munthu atatakasa tsiku lonse. Apa madzi amakhala akhuta. Kutakasa kumangofulumizitsa kusungunuka, sikusuntha malirewo. Chinthu chilichonse chili ndi malire akeake: madzi omwewo amalandira magalamu pafupifupi 200 a shuga asanakhute.

Chimene chimasuntha malire ndi kutentha. M'madzi owira, shuga wosungunuka amaposa magalamu 450 pa mamililita 100, ngakhale kuti mchere umangokwera pang'ono kufika pa magalamu 39. Mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa amadalira lamulo la malireli. Madzi a nzimbe amaphikidwa kuti nthunzi ichoke, ndipo otsalawo akalephera kusunga shuga yense, wotsalirayo amaundana kukhala timibulu timene timapakiridwa m'mapaketi. Mpweya umachita mosiyana, pakuti umasungunuka bwino m'madzi ozizira. Ichi n'chifukwa chake chakumwa cha m'botolo chikafunda chimatulutsa thovu lambiri pochitsekula.

Muyezo wa ORS umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limavomereza uli ndi magalamu 2.6 a mchere ndi magalamu 13.5 a shuga wa mtundu wa glucose pa lita, kuphatikizapo michere ina iwiri ya potassium chloride ndi trisodium citrate. M'matumbo, shugayu amalowa m'thupi limodzi ndi mchere, ndipo madzi amatsatira pambuyo. Madzi nthawi zonse amayenda kuchoka kumene zosungunuka zili zochepa kupita kumene zili zambiri. Choncho ORS anakonzedwa kuti mphamvu yake ichepere pang'ono poyerekeza ndi ya magazi.

Paketi ikathiridwa mu theka la lita, mphamvu yake imawirikiza kawiri n'kuposa ya magazi. Zikatero msakanizowo umakoka madzi kuchoka m'thupi kulowa m'matumbo, kutsekula kumakula, ndipo mchere ukhoza kuchuluka m'magazi mpaka mwana kukomoka. Ikathiridwa m'malita awiri, mchere umachepa moti subwezeretsa umene watayika. Zakumwa zozizilitsa kukhosi nazo sizingalowe m'malo mwa Thanzi, chifukwa zili ndi shuga wochuluka zedi koma mchere wochepa.

Vuto ndi lakuti maso sangathe kuzindikira kulakwika kumeneku. Paketi yonse imalemera magalamu pafupifupi 20, kutali kwambiri ndi malire a kukhuta, kotero imasungunuka yonse ngakhale m'kapu imodzi. Kusaoneka kwa ufa pansi sikutanthauza kuti muyezo uli bwino.

Phindu la muyezo wolondola linaoneka mu 1971, pamene kolera inabuka pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh. Dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anapereka madzi a mchere ndi shuga oyezedwa bwino pamsasa wa Bangaon, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa odwala pafupifupi 30 kufika pa osakwana anayi mwa 100 alionse. M'dziko muno, mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700.

Pakhomo pamene palibe chikho choyezera, mabotolo awiri a mamililita 500 amakwana lita imodzi. Madzi akhale owiritsa n'kuzizira kapena othiridwa klorini, paketi ithiridwe yonse, ndipo zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Wodwala akamasanza chilichonse, akalephera kumwa kapena akafooka kwambiri, athamangire naye kuchipatala.