Ufa wobala magetsi phokoso likaugwedeza

Mukadina laita ya gasi n'kumva kuti tha, kamoto kaja sikachokera ku batire. M'katimo muli kamwala kotulutsa magetsi kakamenyedwa. Amene anatulukira khalidwe limeneli ndi anyamata awiri apachibale, Jacques ndi Pierre Curie, ku Paris mu 1880, poyesa miyala monga quartz. Zinthu zotere amazitcha piezoelectric, ndipo n'zomwenso zili m'kachipangizo ka sikani kamene amayendetsa pamimba pa mayi woyembekezera.

Masiku ano akatswiri akupanga ufa wa zinthuzi, makamaka barium titanate ndi zinc oxide, n'kuuthira m'madzi. Kenako madziwo amawaomba ndi ultrasound, phokoso la mafunde opitirira 20,000 pa sekondi, lomwe khutu la munthu silimva. Phokosolo limabala timathovu tomwe timafufuma n'kuphulika mwamphamvu, ndipo kachidutswa kalikonse ka ufa kamapindika pang'ono n'kutulutsa magetsi. Magetsiwo amakwapula madzi ndi okosijeni, n'kubadwa tizinthu taukali totchedwa reactive oxygen species, monga hydroxyl radical ndi superoxide. Sitikhalitsa ayi, koma chomwe tagundana nacho, kaya ndi utoto kaya bakiteriya, chimaonongeka. Thupi lathu limaidziwa kale nkhondoyi, pakuti maselo oyera a m'magazi amapha majeremusi ndi zida za mtundu womwewu.

Mu 2010, gulu la Huifang Xu pa yunivesite ya Wisconsin–Madison ku America linaonetsa kuti timaulusi ta zinc oxide tikagwedezeka chotere timagawa madzi n'kutulutsa haidrojeni. Patapita zaka ziwiri anasukulutsa utoto m'madzi ndi barium titanate. Pofika 2020, ofufuza a ku Shanghai anali atayesa njirayi pa zotupa za khansa m'mbewa, enanso ku China akuyeretsa nayo mano.

Chomwe chikukopa ofufuza za khansa n'chakuti kuwala, komwe mankhwala ena amadalira kuti ayambe ntchito, sikulowa patali m'mnofu, pomwe phokoso limafika masentimita angapo m'kati. Ufawo ungakhale phee m'chotupa mpaka dokotala ataloza makina pamalopo.

Komabe tisafulumire kuomba m'manja. Ultrasound payokha, popanda ufa uliwonse, imatha kung'amba madzi n'kubala hydroxyl radical. Ndiye wofufuza akanena kuti ufa wake wachita zodabwitsa, ayenera kufunsidwa kuti gawo la ufawo ndi liti, la timathovu ndi liti. Akatswiri akutsutsanabe ngakhale za momwe magetsiwo amagwirira ntchito yake.

Palinso nkhani ya poizoni. PZT, imene ndi piezoelectric ndipo ili m'makina ambiri a sikani, ndi yamphamvu koma ili ndi mtovu, n'chifukwa chake ofufuza amaipewa pa zolowa m'thupi. Barium nayenso akasungunuka ndi woopsa, choncho ofufuza asanayese pa wodwala ayenera kuonetsa komwe ufawo umapita chotupa chikatha.