Chiperoni, Ulesi ndi Matenda Okhumudwa

Aliyense amene anakulira ku Chinakanaka, m'boma la Mulanje, amachidziwa chiperoni. Chikafika m'mwezi wa Juni kapena Julaye, phiri limabisika m'nkhungu, kamvula kowaza kamagwa masiku atatu kapena anayi osaleka, ndipo zovala pachingwe siziuma. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya India imadzera. Masiku oterewa ngakhale pamsika anthu amachedwa kuyala malonda.

Ife ophunzira a m'makoleji timadandaula kwambiri nyengoyi: tulo tosatha, kujomba phunziro la m'mawa, kuwerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu. Makolo ali ndi dzina limodzi la zonsezi, ulesi. Anzathu ena amene awerenga pa intaneti amathamangira kunena kuti akudwala Seasonal Affective Disorder. Nkhani ino ikufuna kuonetsa kuti mayina awiri onsewa kawirikawiri amaphonya.

Matenda a Seasonal Affective Disorder anafotokozedwa m'chaka cha 1984 ndi dokotala Norman Rosenthal pamodzi ndi anzake a ku National Institute of Mental Health ku America. Rosenthal anakulira ku Johannesburg, ndipo atasamukira ku New York anazindikira kuti mphamvu zake zinkachepa nyengo yozizira ikafika. Gwero la vutoli si kuzizira ayi, koma kuchepa kwa kuwala. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, amene amauza thupi kuti nthawi yogona yakwana, ndipo kuwala kwa m'mawa ndiko kumamuletsa. Usiku ukatalika kwa miyezi ingapo, wotchi ya m'thupi imasokonekera. Wodwalayo amagona mopitirira muyeso, amalakalaka zakudya zotsekemera ndi zokhutitsa, amanenepa, ndipo chimwemwe chimamuthera mpaka dzuwa litabwerera. Madokotala satchula dzinali pokhapokha zitachitika nyengo yomweyo zaka ziwiri zotsatizana. Thandizo lodziwika ndi kukhala pafupi ndi nyale yowala kwambiri, ya 10,000 lux, kwa mphindi 30 m'mawa uliwonse.

Tsono tiyerekeze. Ku London, usana wa mu Disembala sukwana maola 8, pamene wa mu Juni umaposa maola 16. Ku Tromsø, m'dziko la Norway, dzuwa silituluka n'komwe kuchokera kumapeto a Novembala mpaka pakati pa Januwale. Ku Mulanje usana waufupi kwambiri ndi wa maola pafupifupi 11, wautali kwambiri maola 13. Kusiyana kwake ndi maola awiri okha, ndipo chiperoni chikachoka thambo limayera mbee. N'chifukwa chake matendawa amapezeka kwambiri m'mayiko akutali ndi mzere wa equator kusiyana ndi kwathu kuno.

Kodi ndiye kuti makolo akulondola? Ayi ndithu. Kufooka kwa mu Juni kuli ndi zifukwa zake zogwirika. Wophunzira wogona m'chipinda cha lendi cha malata opanda siling'i, wofunda bulangete limodzi, amadzidzimuka usiku wonse ndi kuzizira. M'mawa amadzuka ngati sanagone. Ndi nyengo ya chimfine ndi chifuwa. Thupi lozizidwa limafuna chakudya chambiri, chonsecho ambiri timalowa m'kalasi titangomwa tiyi wopanda mkute, mwinanso osalawa kanthu mpaka masana. Kuchepa kwa magazi ndi malungo osachizidwa bwino nazonso zimafooketsa, ndipo izi kuchipatala amaziyeza mosavuta. Kutopa kotere kumatha munthu akafunda, akadya ndi kuwothera dzuwa la m'mawa.

Pali kufooka kwina kumene dzuwa silichiritsa, ndipo apa mpamene ife ophunzira chiyankhulo tiyenera kutchera khutu. Chichewa chili ndi mawu ambiri: kutopa, kufooka, kukhumudwa, nkhawa, chisoni, kutaya mtima. Koma tikangonena za matenda a maganizo, ambiri amamva misala. Motero mnyamata amene wakhala wokhumudwa mwezi wathunthu amasankha kunena kuti "thupi silili bwino" kapena "ndikuganiza kwambiri", ndipo anzake amamuyankha kuti alimbe mtima, ndi mwamuna. Chiperoni chimangomupatsa pobisalira, popeza aliyense ali m'bulangete ndipo palibe amene akudabwa kuti iye sakutuluka.

Azaumoyo amayang'ana kutalika kwa nthawi ndi kukula kwa vuto. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo munthu ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene ankakonda sizikumusangalatsanso, kadyedwe ndi kagonedwe zasintha, ndipo akudziona wachabechabe, amenewo angakhale matenda okhumudwa, kaya ndi mu Juni kaya mu Okutobala wotentha. Akayamba kukamba zodzipha, palibenso zodikira milungu iwiri. Apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa wa ku Chinakanaka poyambira ndi chipatala cha boma cha Mulanje, ndipo ofunika thandizo lalikulu amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Amene akuphunzira ku Mzuzu kapena ku Lilongwe athanso kupita ku St John of God.