Dokotala wa ana amamva zimene mwana sanganene

Mnzathu wina pakoleji pano akufuna kudzakhala dokotala wa ana. Akuti adzachitanso kafukufuku ndi kuyendera midzi. Kodi ntchito zitatuzi zimagwirizana bwanji?

Mwana wa chaka chimodzi sangafotokoze pamene pakumupweteka. Malungo akamufika ku ubongo, dokotala sangamufunse dzina lake kuti aone ngati akuzindikira. Pofuna kuthana ndi vutoli, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, amene ankafufuza za malungo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anakonza muyeso wotchedwa Blantyre Coma Scale. Dokotala amaona ngati maso a mwana akutsata nkhope ya mayi ake, mmene akulirira, ndiponso mmene akuchitira akamva kuwawa, kenako amapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Mapointi akachepa, ndiye kuti mwanayo wadwala kwambiri. Lero muyesowu ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri.

Komabe muyeso sungapulumutse mwana amene wafika mochedwa. N'chifukwa chake dokotala ayenera kufikanso kumudzi, kukauza makolo kuti mwana akatentha thupi, akakomoka kapena akakana kuyamwa, athamangire naye kuchipatala osadikira mawa.

Ife ophunzira uphunzitsi tili ndi mbali yathu. Zimene mwana wamva m'kalasi masana, madzulo amakazinena pakhomo.