Paipi ya Thanki Ikabooka, Osamata: Sinthani

Galimoto zambiri zomwe zimayenda pakati pa tauni ya Salima, Senga Bay ndi Lifuwu zidabwera m'dziko muno zitagwira kale ntchito ku Japan: ma Sienta, ma Probox ndi timalole tonyamula mpunga. Eni ake amasamala injini, matayala ndi batire, koma pali chitsulo china chomwe amachikumbukira pokhapokha fungo la petulo likayamba kulowa m'galimoto. Ndi paipi yochokera pachitsekero pomwe timamwetsera mafuta n'kutsikira kuthanki, yobisika kuseri kwa tayala la kumbuyo. Paipi imeneyi ikabooka ndi dzimbiri iyenera kuchotsedwa n'kuikapo ina. Kumata ndi sopo, kumanga ndi mphira ya chubu kapena kuwotcherera ili pagalimoto pomwepo n'kuika moyo ndi ndalama pachiswe.

Ena amanamizira nyanja, koma madzi a nyanja ya Malawi si amchere. Chomwe chimadya paipiyi ku Lifuwu ndi matope. Derali ndi lachidambo, n'chifukwa chake kuli sikimu ya mpunga ndi malo a boma ochitira kafukufuku wa mbewuyi, ndipo m'dzinja tayala limaponyera matope ndi mchenga pamwamba pa paipi, pomwe dzanja la wotsuka galimoto silifika. Mchenga umapala penti, matope n'kusunga chinyezi pachitsulo kwa miyezi. Komanso galimoto zina zidachokera kumadera ozizira kwambiri monga Hokkaido, komwe amathira mchere mumsewu kuti madzi oundana asungunuke, moti dzimbiri lidayamba zisanadutse n'komwe pachipata cha Songwe.

Madalaivala ambiri amati, "Imangodontha pomwetsa mafuta basi, ikamayenda sidontha." N'zoona kuti petulo sakhala m'paipimo nthawi zonse, koma bowo lotulutsa mafuta limalowetsanso madzi ndi mchenga. Apa m'pomwe pagona vuto lalikulu. Kuyambira mu 1982, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe, yemwe lero amachokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka madzi, ndipo madziwo akachuluka amalekana ndi petulo n'kukakhala pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Zotsatira zake galimoto imavuta kulira m'mamawa, imatsamwa pachitunda, fyuluta imatsekeka, kenako pampu imapsa. Mwini wake amathamangira kusintha mapulagi kapena kudandaula kuti adamugulitsa mafuta oipa a m'zigubu, pomwe madziwo akulowera pabowo lomwe adalimata ndi sopo. Sopo amasungunuka galimoto ikangodutsa pachithaphwi, ndipo mphira ya chubu imafufuma n'kufewa ikakhudzana ndi petulo.

Nanga kuwotcherera? Amisiri athu ndi aluso, palibe angatsutse, koma pano luso silithandiza. Chomwe chimayaka si petulo wamadzi ayi, ndi mpweya wake, womwe ndi wolemera kuposa mpweya wamba ndipo umakhalira m'thanki ndi pansi pa galimoto. N'chifukwa chake thanki yomwe angoikhuthula kumene ndi yoopsa kuposa yodzaza: muli mpweya wa petulo wosakanikirana ndi mpweya wabwino, ndipo kamoto kamodzi n'kokwanira kuiphulitsa. Ngakhale paipiyo itachotsedwa, kutsukidwa n'kukawotcherera kutali, chitsulo chodyeka ndi dzimbiri chimakhala chopyapyala ngati pepala, moti wowotcherera akatseka bowo limodzi, moto umaboola ena pambali pake.

Dandaulo lomveka ndi la ndalama ndi mtunda. Ku Lifuwu simungapeze paipi yatsopano, mwinanso ku Salima ingasowe, ndipo Lilongwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa tauniyo. Komabe paipi yochokera kugalimoto yophwasulidwa ya mtundu womwewo imagwira bwino ntchito, bola muipale ndi bulashi ya waya kuti muone ngati nayonso sidadyeke, kenako muipente. Ngati pabooka pamodzi pokha ndipo kwinako n'kolimba, makaniko angathe kudula gawo lowolalo ndi sowo yamanja, paipi ili kunja kwa galimoto, n'kulumikiza ndi paipi ya labala yopangidwira mafuta, osati ya madzi, n'kumanga ndi makilampu awiri mbali iliyonse. Alumikizenso zitsulo ziwirizo ndi waya, poti paipiyi ndiyo imatsitsira kuthupi la galimoto magetsi omwe amabadwa mafuta akamayenda. Ntchitoyi imachitikira panja, mafuta atatsala ochepa, batire itamasulidwa, kukamwa kwa thanki kutatsekedwa ndi nsalu yoyera, ndipo pafupi pasakhale mbaula kapena wosuta fodya. Kapaipi kakang'ono kotulutsa mpweya komwe kamatsagana ndi yaikuluyo nako kamawola, choncho kaonedwenso.

Mtengo wa zonsezi sungafanane ndi wa pampu, fyuluta ndi kutsukitsa thanki, osanenanso za petulo wotayikira pansi munthu atagonera pamzere kuti amupeze. Inu a galimoto za ku Lifuwu, mvula ikangosiya, chotsani tayala la kumbuyo la mbali ya chitsekero, kokololani matope onse ndipo muyang'ane paipiyo ndi tochi.