Njinga zamoto zakale zikana kupuma ku Chipera

Ku Chipera, m'boma la Maravia, njinga yamoto, imene ambiri amangoti mota, siikhala yodzionetsera. Ndiyo imanyamula nsomba zouma kuchokera m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, ndiyonso imathamangitsa mayi wodwala kupita ku Fingoé, likulu la bomali, pamene galimoto yasowa. Choncho mota ikafa pakhomo, anthu amadandaula ngati kuti ng'ombe yathyoka mwendo.

Anthu ena amanyoza njinga zakale ponena kuti nzotha ntchito, koma amene akudziwa mbiri yake sangatero. Taganizani za Honda CG125 imene inatuluka m'chaka cha 1975. Akatswiri a kampani ya Honda anayendera maiko osauka ndipo anaona kuti eni njinga sasintha oilo m'nthawi yake, amakweza katundu wopyola muyeso, ndipo amapita kwa makaniko njinga itafa kale. Atabwerera ku Japan anapanga injini yosavuta, yotsegula mavavu ndi timitengo tachitsulo, yoti izipirira nkhanza zoterezi. Njinga zambiri za ku China zimene zadzaza m'misika ya ku Tete zinatengera injini yomweyi, moti zipangizo zake zambiri zimalowa pa Honda yakale, ngakhale kuti kulimba kwake nkosiyana.

Palinso njinga za MZ zimene anabwera nazo anyamata amene ankagwira ntchito ku East Germany, aja otchedwa Madgermanes, atabwezedwa kwawo cha m'ma 1990. Izi ndi zija zofuka utsi, zofuna kusakaniza oilo ndi petulo m'thanki. Mlingo wake pa MZ ETZ ndi gawo limodzi la oilo pa magawo 50 a petulo. Ukaumira oilo, pisitoni imagwira uli pakati pa tchire, ndipo ulendo wathera pomwepo.

Mdani wamkulu wa injini kuno ndi fumbi ndi petulo wam'mabotolo. Petulo wogulitsidwa m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena mchenga, zimene zimatseka timabowo ta mu kabuleta. Wanzeru amasefa ndi kansalu koyera pothira, ndipo amakhetsa kabuleta pafupipafupi. Sefa ya mpweya ya CG125 ndi ya siponji: itsukeni, iume, muipake oilo pang'ono nkubwezera. Kuichotseratu, monga amachitira anyamata ena pofuna kuti njinga izilira mokweza, ndi kudyetsa injini mchenga.

Oilo wa mu CG125 ndi wochepa, pafupifupi lita imodzi basi, ndiye amada msanga. M'misewu yathu yafumbiyi nkwabwino kumusintha pa makilomita 1,000 alionse, osaiwala kutsuka kasefa kawaya kamene kamakhala kumunsi kwa injini, mbali ya kumanzere. Mpata wa mavavu ukhale 0.08 mm, poyeza injini itazizira. Amakaniko ena amayeza ndi khutu; ife tikuti kachitsulo koyezera nkotsika mtengo kuposa vavu yopsa.

Amene akufuna kuutsa njinga imene yagona zaka m'khumbi asathamangire kuponda kiki. Ayambe wachotsa pulagi, adonthezere oilo m'silinda, aisiye tsiku limodzi kapena awiri, kenaka azungulitse injini pang'onopang'ono. Thanki ya dzimbiri imayera mukaikamo timanati ndi palafini nkuikhutchumula. Mateyala ong'aluka ndi nthambo za mabuleki zothetheka nzofunika kutaya, chifukwa pa zitunda za ku Maravia buleki ikaduka palibe pothawira. Penti ibwere pomalizira, ngati ndalama yatsala.

Chovuta ndi zipangizo za MZ, zimene sizipezeka wamba ngati za Honda. Pachifukwa ichi, amene ali ndi njinga yakufa ya mtunduwu asafulumire kuigulitsa kwa ogula zitsulo pa sikelo. Giyabokosi, magudumu ndi kabuleta yake zingathe kudzutsa njinga ya mnzake mvula isanayambe kudula misewu mu December.